Wosamalira Sakuyankha Makalata

Mawaya anatseka shopu minibasi zonse zitapita kale kukagona, ndipo chitseko anachimenyetsa ngati ndicho chamulakwira. Dzina lakuti Mawayali anamupatsa ndi anzake a pamsika wa zamagetsi, chifukwa m'thumba la diresi lake simunkasowa kachingwe. Ankakonza mafoni ndi makompyuta a anthu tsiku ndi tsiku, koma usiku umenewo inamukanika laputopu imodzi yokha, ya achimwene ake enieni.

Achimwene akewo anali osaona, ndipo laputopuyo ndiyo inali maso awo. Inkawawerengera mokweza chilichonse chimene chili pasikirini, iwo n'kumalemba. M'mawa mwake ankayenera kulembera pomwepo mayeso omaliza a zamalamulo, aja oti ukawaphonya umadikira chaka chamawa. Ndiye masana, Mawaya ndi chikondi chakecho anati aipange apudeti, aiikire mapulogalamu atsopano, kuti isakavute pa mayeso. Tsoka silinunkha. Itayakanso, laputopu inangoti duu, osatulutsa ngakhale kaphokoso.

Zonse zimene munthu wa ntchito yake amayesa, anayesa. Anakweza voliyumu mpaka kumapeto. Analowetsa mahedifoni, kuwazula, kulowetsa ena. Anathimitsa n'kuyatsa mpaka chala chinawawa. Atatsegula kazenera kakuda kolembamo malamulo a kompyuta n'kuifunsa kuti ili ndi saundi kadi yanji, kachipangizo kaja kotulutsa mawu, laputopuyo inayankha mopanda manyazi kuti ilibe. Ilibe bwanji, kadiyo ili m'mimba mwake momwemo? Kubwerera ku sisitimu yakale sikukanathekanso, poti Mawaya ndi ukhondo wake anali atasesa zakale zonse kuti apeze malo.

Sisitimu imeneyi, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, inali yaulere, yolembedwa ndi anthu ongodzipereka a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo ikavuta umafunsa pa intaneti, pabwalo la anzako oigwiritsa ntchito. Mawaya anafunsa. Wina anamufunsa ngati waona kuti voliyumu sinatsekedwe. Wina anati kwa iye zonse zikugwira bwinobwino, ngati alipo anamufunsa za kwawo. Wachitatu anati angogula laputopu ina. Zoonadi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chimene chinamupsetsa mtima kwambiri anachipeza chakumapeto. Kadi iliyonse imafuna dalaiva, kapulogalamu kamene kamaimvanitsa ndi kompyuta, ndipo dalaiva aliyense amakhala ndi munthu womusamalira. Mwambo wa anthu amenewa ndi woti akamulembera wosamalirayo makalata kangapo iye osayankha, dalaiva wakeyo amamuchotsa. Ndipo zinalembedwa pamzere umodzi wouma: dalaiva wa kadi imeneyi wachotsedwa, wosamalira sakuyankha makalata.

Mawaya anakoleka chikwama cha laputopu kumsana n'kuuyamba wapansi, akutukwana mokweza mumsewu wopanda anthu.

“Ulesi wake womwewo. Kuyankha kalata kokha, kwamulemera chiyani? Munthu kuyamba chinthu, anthu n'kuchidalira, iye n'kukagona tulo. Ndikanamudziwa ndikanamupitira kunyumba kwake.”

Anadutsa mashopu otseka ndi zitseko zamalata, anadutsa pokonzera matayala pamene galu wa mlonda anangomuyang'ana n'kugonanso. Magetsi a mumsewu anathera pamenepo. Kutsogolo kunali mlatho wachitsulo wa anthu oyenda pansi, wodutsa pamwamba pa njanji. Mlatho umenewu unali waphokoso, ngakhale mwana akapondapo unkalira mpaka kutsidya. Mawaya anakwera masitepe, nsapato zake zikumveka ngwe, ngwe, ngwe.

“Mukumutukwana ndani, mayi?”

Mawaya anatembenuka. Pambali pake pankayenda bambo wamtali, wa jekete yakutha m'zigongono, atanyamula chikwama chachikulu paphewa. Anachokera kuti? Koma mkwiyo ukadzaza, mantha amasowa pokhala. Mawaya anawakhuthulira zonse, za kadi, za mayeso, za waulesi wosayankha makalata uja.

Bamboyo anamvetsera mpaka kumapeto. Atayankha, mawu ake anali ozizira, koma mkati mwake munali ukali wa munthu amene wakhala nawo kalekale.

“Nthawi yonse imene inkalankhula bwinobwino, munamulemberapo?”

“Ndimulembere chiyani?”

“Eya. Onse amatero. Ikamagwira, palibe amafunsa kuti anailankhulitsa ndani. Ikasiya, aliyense akudziwa kuti ndi waulesi.”

“Bambo, musandilalikire usiku uno,” anatero Mawaya. “Ngati anatopa akanangonena. Pakamwa ali napo.”

“Mwina kumene aliko kulibe netiweki.”

Anafika pakati pa mlatho. Mawaya anali atatsegula kale pakamwa kuti ayankhe, koma china chake chinamuletsa. Anatchera khutu. Ngwe, ngwe, ngwe... Nsapato zake zokha. Bamboyo ankayenda naye phewa ndi phewa, chikwama chili paphewa, koma chitsulo sichinkalira. Mawaya anachepetsa liwiro. Nayenso anachepetsa. Anaima. Nayenso anaima.

“Laputopu yanuyo ndi yotuwa ija eti? Yothyoka pakona yakumanzere?”

Chikwama cha Mawaya chinali chotseka. Chinali kumsana. 

“Tsegulani,” anatero bamboyo. “Nthawi ndilibe.”

Miyendo inkati thawa. Koma anakumbukira achimwene ake, mmene anawerengera mabuku onse aja ndi makutu, usiku ndi usana. Anagwada pachitsulo chozizira n'kutsegula laputopu pamaondo. Sikirini inawala. Kuwalako kunagwera pamanja ake, pa zitsulo za m'mbali, mpaka pa mawaya a magetsi kuseri kwa bamboyo. Pa bamboyo pokha sipanawale.

“Kadi imeneyo sinafe,” mawu aja anamveka pamwamba pa mutu wake. “Imangonama dzina. Anaipanga motchipa n'kuipatsa dzina la eni. Dalaiva wamkulu, uja wa makadi onse, akaifunsa kuti ndiwe yani, imatchula dzina labodzalo, iye n'kuidutsa. Muuzeni dzina lake lenileni.”

Anatchula fayilo yoti atsegule. Anatchula mzere umodzi, chilembo ndi chilembo, pang'onopang'ono ngati munthu wozolowera kuphunzitsa. Mawaya ankalemba motsatira. Analakwitsa chilembo chimodzi.

“Fufutani chimenecho.”

Anafufuta. Sanayerekeze kutukula mutu.

“Thimitsani. Yatsani.”

Sikirini inada. Kunali zii. Pagalasi lakudalo Mawaya anaona nkhope yake, ndi nyenyezi kumbuyo kwake. Nyenyezi zokha... pamene panayenera kuima munthu. Laputopu inayamba kuyaka. Kachizindikiro kanazungulira. Kanazunguliranso.

Kenaka inalankhula! Mawu aja achitsulo, amene achimwene ake ankawamva tsiku lililonse, anamveka pamlatho ponse, akupempha mawu achinsinsi.

Mawaya anatembenuka. Kumanja, palibe. Kumanzere, palibe. Mlatho wonse mbee, kuchokera masitepe awa mpaka awo. Anatseka laputopu ikulankhulabe, n'kuliyatsa liwiro. Chitsulo chinalira pansi pa mapazi ake mpaka kutsidya, ndipo sanacheuke.

Kunyumba anapeza achimwene ake ali pampando wawo wa pabalaza, mumdima, poti nyali analibe nayo ntchito. Anali asanagone. Mawaya anawaika laputopu pamiyendo. Zala zawo zinayenda pamabatani, mawu aja n'kuyamba kuwerenga mothamanga, mmene iwo ankakondera. Anapumira m'mwamba, nkhope yonse n'kumasuka.

“Wandipulumutsa, mlongo wanga. Koma ukupuma ngati wathamangitsidwa bwanji?”

Mawaya anayatsa magetsi onse a m'nyumba, ndi a kubafa omwe, kenaka anakhala pansi n'kufotokoza. Pofotokozapo mkwiyo unabwereranso, poti mantha akachepa munthu amafuna womukalipira. Anati munthu wachilendo wa mumsewu wachita chimene mwini wake wa dalaiva walephera, ndipo waulesi ameneyo ngati ali ndi manyazi adzimvere yekha kumene aliko.

“Wati anakuuza kuti kadiyo imatani?” anafunsa achimwene ake.

“Imanama dzina.”

Zala zija zinaima pamabatani.

“Anali wamtali? Chikwama chachikulu paphewa?”

“Mukuwadziwa?”

 Achimwene ake atayankha, mawu awo anali otsika.

“Iwe unali usanabwere kudzakhala kuno. Kusukulu yathu ya osaona tinalandira malaputopu amenewa ngati mphatso, onse osalankhula. Amene anatipatsawo anajambulitsa zithunzi n'kumapita. Aphunzitsi athu a kompyuta ndi amene anakhala nawo pansi, usiku uliwonse akaweruka, mpaka anawalembera dalaiva. Palibe anawatuma. Ankatiseketsa m'kalasi kuti kadi imeneyi ndi yabodza ngati mkamwini, imanama dzina. Amene ukumutukwanayo ndi iwowo.”

“Ndiye bwanji samayankha makalata?”

“Ankayankha kalata iliyonse tsiku lomwelo, ngakhale ya munthu wowatukwana. Anamwalira, Mawaya. Papita zaka. Anagwa pamlatho womwe uja akuchokera kusukulu, atasenza malaputopu athu kuti akawakonzere kunyumba. Mtima unangoima. Anawapeza m'mawa, chikwama chili pambali.”



“Pamaliro tinalipo tonse,” anapitiriza achimwene ake, tsopano mokwiya. “Akuluakulu a sukulu analankhula zokoma mpaka dzuwa kupendeka. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine amene ndikudya thukuta la aphunzitsiwo mpaka lero, amene anaganiza zowalembera anzawo aja a pa intaneti kuti munthu wanu watisiya. Anzawowo akhala akulembera maliro makalata, kenaka n'kulengeza dziko lonse kuti sakuyankha.”

Anapapasa laputopu ija pakona yothyoka, n'kutembenuzira nkhope kumene kunali mlongo wawo.

“Ndiye iwe, utakumana nawo maso ndi maso, unawauza chiyani?”

Mawaya anayang'ana pansi.

“Ndinawauza kuti ngati anatopa akanangonena.”