Agalu a Pakhomo pa Sumaya

Agalu analeka kubwera kumpanda kwa Eliza mwadzidzidzi, ndipo m'malo mosangalala iye anada nkhawa, chifukwa ankadziwa kuti nthawi yawo yoleka inali isanakwane.

Thonje anali galu wamng'ono wamkazi, waubweya woyera, amene Chifuniro, mwana wa Eliza, anamusiyira pobwerera kuntchito ku Lilongwe. Asanakwanitse n'chaka chomwe, nyengo yake yoyamba yofuna amphongo inafika. Kumaliseche kunatupa, timadontho ta magazi tinayamba kuoneka pasimenti, ndipo galu amene kale ankangogona padzuwa anayamba kuyendayenda, kudzinyambita ndi kukodza pang'onopang'ono paliponse. Chifuniro analankhula pafoni mosapita m'mbali. "Musalole kuti akweredwe, amayi. Akadali mwana, thupi lake silinakhwime. Mutsekereni mpaka zitatha, ndipo zimatenga milungu." Choncho Eliza anamuyalira chiguduli m'kachipinda kosungiramo mbatata ya kachewere, n'kumamutulutsa m'mawa ndi madzulo ali pachingwe, dzanja linalo litagwira ndodo.

Amphongo a ku Kandeu konse anamva fungolo. Anabwera a pabutchala, onenepa ndi aulesi, anabweranso a alenje ochokera kumapiri, a nthiti zoonekera ndi makutu ong'ambika. Ankakumba pansi pa mpanda, kulumana, ndi kulira mokoka mawu mpaka kucha. Kenako usiku wina kunangoti zii. M'mawa mwake Eliza anapeza Thonje atagona pasimenti pozizira, chiguduli palibe, pamene waya womangira chitseko anali mmene anamusiyira, womangidwa chakunja.

"Atenga makoswe," anatero Silvester, mwamuna wake, akupukuta jekete. Bamboyu anali wa m'komiti ya pamsika, ndipo jekete ankavala ngakhale popita kudimba, kuopa kuti wina angamuyese mlimi wamba.

"Khoswe wonyamula chiguduli chonse n'kumanganso waya, bambo a Chifuniro?"

"Ndiye wadya yekha galu wanu wam'tauniyo. Pa zodya zake sindilowererapo."

Eliza anayala chiguduli china. Nachonso sichinathe masiku.

Mphekesera zinayambira kumjigo. Ankati agalu onse a m'derali akumasonkhana usiku pakhomo pa Sumaya, mayi wamasiye amene ankagulitsa tiyi, mandasi ndi samusa m'nyumba ya m'mphepete mwa msewu, imene komiti inapatsa mwamuna wake Dauda asanamwalire. Sumaya anali Msilamu, sanawetepo galu, ndipo galu akanyambita mbale yake ankaitsuka ndi dothi. Nanga agalu ankafunanji pakhomo pa munthu wotero? Amene sanaonepo kanthu ndiwo ankafotokoza bwino koposa. Wina anati agaluwo amakhala mozungulira ngati anthu a pamlandu. Wina anati amamva fungo la chinthu chimene chinakwiriridwa pansi pa khomo kuti malonda aziyenda. Mayi wina, amene kwa zaka ankadya mandasi a Sumaya mpaka kunyambita zala, anakumbukira tsopano kuti mafuta ake ankamveka mwachilendo, ndiponso kuti Dauda anafa msanga kwambiri kwa munthu amene ankaoneka wathanzi. Eliza ankawamvera akudikira ndowa yake kudzaza, ndipo anaona mmene nkhope zawo zinkawalira. Mantha enieni sawalitsa nkhope chotero.

Mabenchi a Sumaya anayamba kukhala opanda anthu. Oyendetsa malole a kachewere, amene ankaima pomwepo chifukwa ndi pamene msewu unatambasuka, anayamba kumwera tiyi kwina. Komiti inalengeza kuti idzakumana tsiku la msika kuti ione ngati mayiyo ayenera kukhalabe pamalopo.

Masiku amenewo Silvester ankachoka dzuwa likangolowa, ati kukalondera kachewere kudimba. Madzulo ena atachoka, Eliza anatsekera Thonje, nafunda nsalu yolemera, napita kwa Sumaya. Anamupeza atakhala mumdima, mandasi a m'mawa ali m'beseni osakhudzidwa.

"Mwabwera kudzaonerera inunso, mayi a Chifuniro?"

"Ndabwera kudzagona. Sendererani uko."

Magetsi anali atathima, ndipo nkhungu ya mwezi wa Juni inali itatsika kuchokera kumapiri, yokhuthala moti nyali za kumsika zinkaoneka ngati makala othimathima. Amayi awiriwo anakhala pamphasa moyang'ana chitseko. Phokoso la kumabala linachepa mpaka kutha. Malata ankalira okha chifukwa cha kuzizira. Kunsi kwa chitseko kunali mpata wolowa chala, ndipo mphepo yolowera pamenepo inkawafika m'mapazi.

"Amayamba ndi mmodzi," Sumaya ananong'ona. "Ndimamva kupuma. Kenako zikhadabo. Ndimapemphera mpaka mawu kutha, koma sachoka. M'mawa ndimatsuka khomo lonse, anthu akundiyang'ana, ndipo amati ndikufufuta umboni."

"Khalani chete. Kukubwera kanthu."

Kanthuko kankayenda ndi miyendo iwiri. Kanayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa khoma, n'kuima, n'kuyendanso, ndipo pambuyo pake pankamveka chinthu chokwekweredwa pansi, fwaa, fwaa, ngati munthu wosesa mosafuna. Kanafika pakhomo. Mwala wopondapo polowa unagwedezeka, n'kubwezedwa mosamala. Sumaya anagwira mkono wa Eliza mwamphamvu mpaka zikhadabo kulowa m'khungu. Koma Eliza sanamve kupweteka, chifukwa makutu ake anali pa mapaziwo. Anali majombo amphira, ndipo limodzi linkatulutsa kamphepo pa kuponda kulikonse, pamalo pamene iye mwini analisoka ndi ulusi wa thumba la feteleza.

Mapazi atapita, panadutsa kanthawi. Ndiyeno kupuma kunayamba, mphuno yotentha ikununkhiza pampata uja, ina pambali pake, inanso. Zikhadabo zinayamba kupalasa mwala. Kunamveka kudzuma kochokera pansi pa mimba, mano kugundana, thupi kumenyetsedwa kuchitseko, ndipo galu wina kutali anayamba kulira kulira kuja kumene Eliza anakumva usiku uliwonse kumpanda kwake. Mantha ake anatha n'kusiya chinthu chozizira kuposa mantha.

Kutangoyera anatuluka, nathamangitsa agalu ndi miyala, natukula mwala uja. Pansi pake panali chidutswa cha chiguduli chonyowa, cha madontho ofiirira, ubweya woyera utakanirira mu ulusi wake. Kachingwe ka fumbi losesedwa kankachokera pakhomopo kulowera njira ya kwa Eliza.

Atafika kwawo, Eliza anamupeza Silvester akumwa tiyi pakhonde, majombo atawavula.

"Kachewere wagona bwanji, bambo a Chifuniro?"

"Bwinobwino. Akuba akudziwa kuti mwiniwake sagona."

Eliza anaika chidutswa chija pambali pa kapu yake. Bamboyo anachiyang'ana, ndipo manyazi amene Eliza ankayembekeza sanabwere. M'malo mwake pakamwa pake panaoneka kumwetulira kwa munthu amene wakhala akulakalaka wina woti aone nzeru zake.

"Ndalakwira yani?" anafunsa motsitsa mawu. "Sindinanene kuti ndi mfiti, akunena okha. Malo amene aja malole amaima pakhomo penipeni, mayi a Chifuniro. Munthu akusungirapo mandasi pamene pangakhale matumba a kachewere mpaka kudenga. Chimenecho ndi chitukuko. Ndipo adzadye ndani, si inu nomwe?"

"Dauda ankakupatsani tiyi osakufunsani kanthu."

"Dauda anapita. Inu samalani galu wanu, zinazi n'za amuna."

Tsiku la msika komiti inakhala pansi pa mtengo wa bulugamu, a Maliro, wapampando, ali pakati, Silvester ali kudzanja lawo lamanja ndi jekete lake. Sumaya anakhala pansi yekha, mpata waukulu utasiyidwa momuzungulira. Anthu anadzaza, pakuti mlandu wa ufiti umakoka anthu kuposa mpira.

A Maliro anali asanamalize mawu otsegulira pamene phokoso linamveka kuchokera kumabenchi a tomato. Eliza ankabwera pakati pa msewu, Thonje atamunyamula pachifuwa, ndodo m'dzanja, ndipo pambuyo pake pankabwera amphongo onse a ku Kandeu, malilime ali panja, akugwetsa madengu ndi kupondana. Anafika, natulutsa chiguduli cha usiku umenewo m'jumbo, nachiponya pansi pa mpando wa a Maliro.

Wapampandoyo anakwera pampando wake ndi nsapato zomwe. Agalu anaunjikana pansi pake, akupalasa, akulumana, ndipo wina wamakutu ong'ambika anagwira mwendo wa mlembi wa komiti ndi miyendo yake yakutsogolo n'kukana kuusiya.

"A Maliro, mwakwirira chiyani pansi pa mpando wanu?" Eliza anafunsa, mawu ake osakwera. "Galu uyu ali m'nyengo yofuna amphongo. Chilichonse chimene wagonera chimakoka agalu kuchokera kutsidya kwa phiri, ndipo aliyense wa inu amene anawetapo galu akudziwa zimenezo. Ziguduli zake zakhala zikubedwa m'nyumba mwanga n'kumaikidwa pansi pa mwala wa pakhomo pa mayi awa. Ndinagona komweko, ndipo woikayo ndinamumva. Wakhala kudzanja lanu lamanja."

Anthu anaseka. Anaseka mpaka kugwirana mapewa, anyamata akutsanzira mlembi ndi galu wake. Ena anamenya Silvester pamsana ngati wagoletsa chigoli. Agalu atathamangitsidwa, a Maliro anatsika, nakonza malaya, nanena kuti komiti yolemekezeka singakambe nkhani za agalu, kuti za m'banja zikathere m'banja, ndiponso kuti mayi amene amanyamula galu ngati khanda n'kuyalutsa mwamuna wake pagulu ayenera kudzifunsa. Za Sumaya anangoti akhoza kupitiriza malonda ake. Palibe amene anamupepesa. Mayi wa kumjigo uja anamveka akuuza mnzake kuti chiguduli n'chiguduli, koma mwa makomo onse a pamsika, n'chifukwa chiyani chinthucho chinagwira pa khomo limenelo.

Nyengo ya Thonje inatha osakweredwa, ndipo amphongo anabwerera kubutchala ndi kumapiri. Sumaya ankakoleza moto m'mawa uliwonse n'kukazinga mandasi. Eliza, amene tsopano ankagona kwa mchemwali wake ku Nzama, ankabwera kudzamwa tiyi, n'kukhala pa benchi ya panja kuti aliyense amuone. Odutsa ankamupatsa moni mwaulemu n'kukokera ana awo kutsidya kwa msewu. Mvula isanayambe, mlongo wake wa Sumaya anabwera ndi galimoto, ndipo mabeseni, mabenchi ndi mphasa zinakwezedwa. Sumaya anagwira dzanja la Eliza nthawi yaitali, kenako anakwera galimotoyo.

Komiti inakumananso, ndipo popeza wopempha malowo anali mmodzi yekha, inawapereka kwa Silvester.

Anapaka laimu, nachotsa mwala uja, nathira simenti yatsopano, nalemba dzina lake pakhoma ndi zilembo zazikulu. Koma alimi anakana kusungitsa kachewere wawo m'nyumbamo, ati angaole usiku umodzi. Oyendetsa malole ankapitirira n'kukaima patsogolo, pamene msewu uli wopapatiza. Mlonda amene anamulemba anathawa asanagonepo, atauzidwa ndi mkazi wake zimene zinkachitika pakhomopo.

Eliza anamuona komaliza tsiku lina la msika, akudutsa ndi Thonje pachingwe. Silvester anali ataima pakhomo pa nyumba yopanda kanthu ija, jekete litayamba kutuwa, atagwira mkono wa mlimi wina wa ku Champiti amene anali ndi matumba panjinga.

"Chinali chiguduli chabe, achimwene," ankatero. "Ndinkaika ndine, ndi manja angawa. Funsani aliyense, analipo."

Mlimiyo anagwedeza mutu mwaulemu, namasula mkono wake pang'onopang'ono, nakankha njinga yake kupita kwina.