Kabokosi Kosabisa Kanthu

Mvula inkawaza tsiku limene dokotala wa maso analowa m'sitolo ya zoimbira atafukata mbale ya galamafoni ngati khanda. Anamulandira ndi mtsikana amene anzake ankamutcha Makutu, poti sipika ikangoyamba kudwala, iye ankaimva ali pakhomo.

"Galamafoni ndili nayo yapamwamba, masipika ndiye osanena," anatero dokotalayo. "Koma mawu akumveka ngati ali kuseri kwa chitseko."

"Singano ya galamafoni imatola mawu ofooka kwambiri, abwana. Pamafunika kabokosi kowakweza asanafike ku ampulifaya. Kanuko ndi kamene kakukunamizani."

Bamboyo anangoti kakasi. "Tabwerezani."

"Simunamve?"

"Ndamva. Ndikungofuna mulankhulenso."

Makutu anaseka, mtima ukugunda. Ndani sangakomedwe ndi mawu otere?

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse dokotala ankabwera kudzayesa timabokosi m'chipinda chomvetsera. Mbale yake inali yomweyo, nyimbonso yomweyo. Kabokosi koyamba kankalira ngati njuchi. Kachiwiri, ka mababu ngati a m'wailesi zakale, kankafewetsa mawu mpaka ena kusowa. Sanagule kalikonse, koma nambala ya foni ya Makutu anaitenga.

Mauthenga anayamba kugwa ngati mvula. "Wadzuka bwanji, kambalame kanga? Mawu ako ndiwo mankhwala anga."

Tsiku lina dokotala anamugwira dzanja. "Ine sindinakwatirepo, ndinkadikira iweyo. Ndikufuna ndizikumva m'nyumba mwanga mpaka imfa."

Makutu anagwa m'chikondi chamutumutu, mpaka anawauza mayi ake kuti mkamwini wapezeka.

Chinthu chimodzi chokha chinkamusowetsa mtendere. Nyimbo ija ikamatha, dokotala ankasendera pafupi ndi sipika, nkhope itasintha, ngati munthu amene wamva mapazi panja.

"Umafunamo chiyani m'menemo, wapamtima?"

"Muli kanthu kamene sikakutuluka bwino."

Pofuna kumusangalatsa, Makutu anaitanitsa kabokosi koposa tonse, kogwirizana ndendende ndi singano yake. Anakanyamula yekha mpaka kunyumba kwa dokotala, kumene anali asanapondeko.

Pabalaza panali pozizira, makatani otseka dzuwa likuswa mtengo. Kutsogolo kwa masipika kunali mipando iwiri. Makutu atati akhale pa wakumanzere, dokotala anamugwira phewa.

"Pamenepo ayi."

Makutu analumikiza mawaya ali chogwada. "Aka sikabisa kanthu," anatero monyadira. "Ngakhale mpweya wa woimba uumva."

Singano inatera. Nyimbo inayenda mpaka kumapeto, zing'wenyeng'wenye zinatonthola, koma mbale inkazungulirabe. Kenaka munamveka kupuma kwa mkazi, kaphwete kakang'ono, ndi mawu:

"Ukujambulabe? Zimitsa iwe, ndikuchita manyazi."

Thupi la Makutu linachita tsembwe. Mawuwo anali ake! Kusasa komweko, kuseka komweko, ngati iye mwini akulankhula ali m'sipika.

"Ameneyu ndani?"

Misozi inali mbwembwembwe m'masaya mwa dokotala. "Mkazi wanga. Anatisiya chaka chatha. Mbale iyi tinadinditsa imodzi yokha."

"Paja unati sunakwatirepo?"

"Ndinkaopa kuti uthawa." Anatseka maso, dotolo wa maso amene sanamuyang'anitsitsepo nkhope ngakhale tsiku limodzi. "Tanena mawu amenewo, mngelo wanga. Kamodzi kokha. Unene kuti ukuchita manyazi."

Makutu anadzidzimuka. Ndiye kuti miyezi yonseyi ankafunsiridwa m'malo mwa munthu wakufa? Mayi ake akawauza chiyani? Anatola chikwama chake n'kutuluka, pakamwa atatseka kuti ngakhale kusisima kwake bamboyo asakumve.

Ali m'basi, analemba uthenga: "Ndiuze zoona. Ukufuna ineyo kapena malemu?"

Anapemphera chamumtima kuti yankho likhale dzina lake, ngakhale litakhala bodza. Silinachedwe.

"Usalembe, wapamtima. Yankha foni ndikumve."

Foni inayamba kulira m'manja mwake. Makutu anaiyang'ana misozi ikudontha pagalasi, n'kuisiya ilire mpaka inatopa yokha.