Dzina Limene a Quigg Sanalitchule

Madzulo a Lachisanu, mpikisano uli mawa lake, a Malachy Quigg anakwera m'kanyumba kawo koulutsiramo mawu ka pakona ya tchalitchi kukayesa masipika. Mabelo a udzu otetezera okwera njinga anali atatsamira kale m'mipanda ya msewu wa ku Ballycreen. Kunkawaza kamvula kosatha kaja.

Mkuluyu anayamba kuulutsa mipikisano ya njinga zamoto tsitsi likadali lakuda, ndipo ankadzitama kuti maso alibe nawo ntchito, njinga iliyonse amaidziwa ndi kaliridwe. Analinso ndi kakhalidwe kena. Anzawo poyesa masipika amangowerenga manambala, koma iwo ankaulutsa mpikisano wa m'mutu, wa okwera amene anafera pamsewuwo.

"Mwayambanso kuitana maliro anu aja?" anatero Nuala, mayi wosunga nthawi za opikisana, akuvala jekete. "Mwana wanu Fintan akukwera koyamba mawa, inu muli kuno kucheza ndi akufa."

"Pita iwe, tiyi akuzizira. Akufa sadandaula ndikalakwitsa."

Atatsala okha, mdima utagwira, anakoka maikolofoni. "Akubwera Dessie Mulgrew, mutu pansi ngati kale!"

Kumtunda kunalira injini.

Inatsika chitunda, inasintha giya pamlatho, inadutsa pansi pa kanyumbako. Zenera linanjenjemera. Pamsewu panalibe nyali, panalibe munthu. Koma kutsokomola kwa giya yachitatu kuja kunali kwa Dessie.

Mtima unkati tsika uthawe, koma pakamwa panakana. Ntchito ya zaka zonse zija inkalankhula yokha. Njinga ikalira, dzina linkatuluka. Dzina likatuluka, njinga inkadutsa n'kukazimirira kuseri kwa tchalitchi. Packie Toner. Ana awiri a kwa Devenny. Onse anadutsa mpaka mayina a akufa anatha.

Kumtunda kunaliranso ina.

Iyi anaizindikira isanafike pamlatho. Anaimanga ndi manja awo m'shedi nyengo yonse yozizira, iwo ndi mwana wawo. Dzina linali litafika kale pamilomo. Anadziluma lilime mpaka kulawa magazi.

Njingayo sinadutse. Inaima pansi pa kanyumba, injini ikuguguda pang'onopang'ono ngati mlendo wodikira pakhomo. Fungo la mafuta linakwera masitepe. A Quigg anatseka pakamwa ndi manja onse awiri, misozi ikutsika. Inadikira. Inadikirabe. Kenako inatembenuka n'kubwerera kumtunda.

Kunyumba anapeza Fintan ali patebulo, akudya mbatatesi. Shedi inali yokhoma. Anatsegula, anagwira injini ya njinga ya Fintan. Inali yofunda.

"Mawa usakwere."

"Adadi, mwadzera kubala eti?"

Mawa lake Fintan anakwerabe. Tsiku lonse mawu a a Quigg ankamveka m'minda monse, wokwera aliyense ndi dzina lake, kwawo, ndi mbiri ya agogo ake. Koma njinga yofiira ya Fintan ikatulukira pamlatho, masipika ankangoti zii mpaka idutse.

Fintan anamaliza wachinayi, wamoyo, atakwiya zedi.

"Bambo anga enieni, osanditchula olo kamodzi? Wotsirizira uja mwamutchula mpaka galu wake."

Mkuluyo anangomugwira paphewa.

Omwa mowa kubala amati ndi ukalamba. Nuala satsutsa, koma amanong'ona kuti usiku uja masipika ankamveka mpaka kukhitchini kwake, ndipo anamva pamene mawu anadukira. Fintan akukwerabe chaka chilichonse. Mpaka lero bambo ake amangomuti "iwe", ngakhale pomupempha mchere.