Nkhuni za M'madzi

Panali mtsikana wina wamfupi ngati chitsa. Onse ankamutcha Kafupi. Kafupi ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kuti nsomba za bambo ake zisiye kufa.

Bambo anali ndi dziwe la nsomba. Kumtunda kwa dziwelo kunali munda waukulu. Eni munda ankathira feteleza wambiri. Mvula inkakokolola fetelezayo. Madzi ankatsika m'ngalande mpaka m'dziwe. Dziwe linadzaza ndere.

M'mawa uliwonse nsomba zinkayandama, mimba m'mwamba. Bambo ankazivuula. Mawa lake ankavuulanso zina.

"Ndatopa ine," anatero bambo. "Dziweli ndingolikwirira."

"Ayi, ababa," anatero Kafupi. "Dikirani pang'ono."

Tsiku lina kunabwera alangizi a zaulimi. Nsapato zawo zinali zoyera mbuu. Sanatsike m'matope.

"Kumbani dzenje lalitali pangalandepo," anatero alangizi. "Mudzazemo zidutswa za matabwa. Madzi azidutsa m'menemo. M'matabwa onyowa mumakhala tizilombo tosaoneka. Timeneto timachotsa feteleza m'madzi."

Atatero anakwera njinga yawo. Anapita.

"Pakamwa sipatuluka matuza," anatero bambo. "Wokumba ndine."

Kafupi anali atamva zonse. Anatenga wilibala. Anapita kwa amalume ake, akalipentala.

"Amalume, ndipatseniko zidutswa."

"Ukhoma mpando wa mbewa?" anaseka amalume. "Tenga, zikundidzazira malo."

Kafupi anakankha wilibala. Anatula. Anabwerera. Anakankhanso. Manja anawawa. Miyendo inawawa.

Bambo anaona mulu wa zidutswa. Anapuma mozama. Anatenga khasu. Anakumba akudandaula. Anadandaula akukumba.

Dzenje linatha. Anathiramo zidutswa. Madzi anayamba kudutsa.

Koma nsomba zinkafabe.

Kafupi anasuzumira m'dzenje. Zidutswa zinali zitachepa. Anakankha wilibala. Anawonjezera zina. Mawa lake zinachepanso.

"Akuba!" anakalipa bambo. "Anthu a masiku ano amaba ndi zinyalala zomwe. Ndi uyo wa nyumba yapafupiyo. Wayamba kundipatsa moni kwambiri."

"Mwamuona, ababa?"

"Sindinamuone. Koma ndi iyeyo. Basi, mawa ndikukwirira dziwe."

Bambo anapita kukagona pamthunzi. Kafupi sanapite kosewera. Anabisala m'udzu pafupi ndi dzenje. Dzuwa linamuwotcha. Nyerere zinamuluma. Tulo tinabwera. Iye anadzitsina.

Kenaka anamva mapazi. Munthu anafika ndi dengu. Anawerama. Anayamba kuvuula zidutswa.

Anali amayi!

"Amayi! Mukutani?"

Amayi anadzidzimuka. "Iwe mwana, ufuna kundipha? Ndikupulumutsa nkhuni. Ndimaziyanika kuseri kwa khitchini. Unaona kuti munthu akuviika nkhuni m'madzi? Bambo ako ukalamba wawayamba."

"Si nkhuni, amayi. Ndi nyumba ya tizilombo."

"Tizilombo tikhale ndi nyumba, ine ndikhale wopanda moto?"

Bambo anamva phokoso. Anabwera ndi ndodo.

"Ali kuti wakubayo?"

"Ndi amene mumadya chakudya chakeyu," anatero amayi. "Munandiuza kuti ndi za nsomba?"

Bambo anakanda mutu. "Simunafunse."

"Inu simunanene."

Amayi anakhala pansi. Anagwira msana. "Nkhuni zili kutali, bambo a Kafupi. Msana wangawu watha."

Bambo anakhalanso pansi. Onse awiri anali otopa.

Kafupi anaganiza. "Kwa amalume kuli matabwa aakulu otsala," anatero. "Aakuluwo akhale a moto. Ting'onoting'onoti tikhale ta madzi. Ndizikatenga ndine."

"Ndi timanja timeneto?" anafunsa amayi.

"Ndi timanja tomweti."

Amayi anayang'ana manja a Kafupi. Anali ndi matuza. Amayi anadzuka. Anakhuthulira dengu lonse m'dzenje. Anakatenganso za kuseri kwa khitchini.

Atatuwo anadzaza dzenje. Pamwamba anakwirirapo dothi.

Madzi oyamba anatuluka ofiira ngati tiyi.

"Mwaona?" anatero bambo. "Alangizi aja atinamiza basi."

"Dikirani, ababa."

Anadikira. Anadikira. Madzi anayamba kuyera. Ndere zinayamba kuchepa. Koma kudikira kumatopetsa.

M'mawa wina Kafupi anathamangira kudziwe. Anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Panalibe nsomba yoyandama. Anaponya gaga. Timilomo tambiri tinatulukira pamwamba. Pwa! Pwa! Pwa!

"Ababa! Amayi! Bwerani!"

Bambo anabwera pang'onopang'ono. Anazungulira dziwe lonse. Anasuzumira m'udzu wa m'mbali. Sanapeze yakufa.

"Mwina zafera pansi," anatero.

"Zakufa zimadya gaga?" anafunsa amayi.

Bambo anakhala pansi m'mbali mwa dziwe. Anatambasula miyendo.

"Nanga mukwirira liti?" anafunsa amayi.

"Lisiyeni," anatero bambo. "Kukwirira nakonso ndi ntchito."

Kafupi anakhala pakati pawo. Nsomba zinkadya. Bambo ankaziyang'ana. Posakhalitsa mutu wawo unagwera paphewa la Kafupi. Unali wolemera. Koma Kafupi sanasunthe.

"Asiye agone," ananong'ona amayi.