Njere za Kuseri kwa Waya

Sunganani anaweruka kutada tsiku limenelo chifukwa moto unachedwa kuzima. Kuseri kwa esiteti ina ya fodya ku Chulu kunali kamunda kotchingidwa ndi waya, komwe akatswiri ankayeserako chimanga chomwe anachisintha chibadwa mu labotale kuti mbozi zisamachiboole. Lamulo lawo linali loti akamaliza kuyesa, zonse zitenthedwe, ngakhale njere imodzi isatuluke, poti anali asanadziwe chomwe mungu wake ungachite utagwera m'minda ya anthu.

Sunganani, tenanti wochokera ku Phalombe, ndiye anapatsidwa ganyu yotenthayo. Koma makuponi a mbewu ndi feteleza anali atamudumpha, mvula inali pafupi, ndipo ana sadya malamulo. Anamanga njere zodzadza manja awiri m'kansalu n'kubisa m'malaya. Mtima unkamutsutsa, koma njala inali ndi mawu aakulu.

Anadutsa zigafa zopanda fodya, nalowa kanjira kolambalala manda a mudzi woyandikana ndi esitetiyo. Nkhululu zinangoti zii. Patsogolo pake panali munthu atakhala pachulu, mkulu woonda ngati phesi, chipewa cha mlaza kumutu, dzanja lamanzere lopanda chala chachikulu.

"Mwaswera bwanji, agogo?"

"Ndigawireniko mbewu, mwananga."

Sunganani anagwira pamalaya pomwe panali kansalu. Wamuuza ndani? Komatu mbewu samanana, wopempha mbewu sabwezedwa chimanjamanja. Anamasula kansalu, natapa pang'ono. Dzanja la mkuluyo linali lozizira ngati mwala wam'madzi. Njere zinagweramo... osamveka kugwa.

"Onjezerani."

Anatapanso.

"Mungu sudziwa mpanda, mwananga. Onjezerani."

Anafuna kuthawa. Mapazi anakana. Anatapanso... anatapanso... mpaka kansalu kanatsala mbee! Mkuluyo anafumbata dzanja, nadzuka, nalowera kumanda. Udzu sunagwedezeke. Mtswatswa sunamveke.

Mayo! Sunganani analiyatsa liwiro, osacheuka, mpaka anakagwera pakhomo pa mayi Fainala, mayi wachikulire yemwe nyumba yake inali yoyamba polowa m'mudzi. Anafotokoza zonse uku akulira, ndi za kuba komwe, pakuti mantha sasunga chinsinsi.

"Ndidzala chiyani ine, amayi? Ana anga adya chiyani?"

Mayi Fainala anafunsa za chipewa, anafunsanso za chala. Atamva, analowa m'khitchini, namasula kudenga ngala zinayi za chimanga chamakolo, zakuda ndi mwaye, n'kumuika m'manja.

"Mukadafika kuno poyamba, bambo. Mbewu iyi mudzi wonse timadzala, ndipo munda wanu wagundana ndi minda yathu. Amene mwakumana nawowo ndi eni ake a mbewuyi, a Mphepo."

"Amakhala kuti, ndikawapepese?"

"Komwe analowerako. Chaka cha njala yaikulu ija, inu musanabwere, tonse tinakazinga mbewu zathu n'kudya. Iwo anakana. Tinawapeza atauma pamphasa, m'mimba mulibe kanthu, ngala zili lende kudenga pamwamba pawo."