Makina a Pawindo

Munthu wachinayi atatuluka mu shopu, Kabatani anayang'ana mulu wa mayunifomu osasoka n'kuusa moyo. Kunangotsala sabata ziwiri kuti sukulu zitsegulidwe, ndipo amayi ake, amene aliyense ankangowatchula kuti a Telala, anali ndi manja awiri okha ngati munthu wina aliyense.

Chikhalirecho makina analipo awiri. A pawindo anali ofunditsidwa nsalu kuyambira tsiku lomwe amayi aang'ono anakwatiwa n'kusamukira kutali. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, awiriwa ankasoka moyandikana pachibale pawo, wamng'ono akuimba, wamkulu akumudzudzula kuti akuphonya mawu. Ndi amayi aang'onowo amene anapatsa mtsikanayu dzina la Kabatani, poti ali wakhanda anali wobulungira ngati batani la jekete. Iyenso ankawasowa, koma amayi ake zinawafika pamtima penipeni.

N'chifukwa chake kafunsidwe kawo ka anthu ofuna ntchito kanali kochititsa manyazi. Munthu ankamukhazika pabenchi la pakhomo, kutali ndi makina. Akamufunsa funso limodzi, asanayankhe n'komwe, iwo ayambapo: mng'ono wanga ankadula nsalu osayeza kawiri, mng'ono wanga ankalowetsa ulusi pasingano ali chitsinzinire. Wofuna ntchito ankangogwedeza mutu mpaka khosi kuwawa. Akatuluka, chomukanira sichinkasowa. Woyamba akuti anali wamanzere. Wachiwiri sanaseke nthabwala yawo. Wachitatu anatalika kwambiri, ngati kuti makina amapondedwa ndi mutu.

"Amayi," anatero Kabatani akutola tizidutswa ta nsalu pansi, "amene watulukayu kusoka anaphunzira kuti?"

A Telala sanamufunse n'komwe zimenezo. Sankadziwa. Kabatani anafunsanso ngati munthuyo anasokapo kolala ya shati, koma zimenezonso sankadziwa.

"Inu simukufuna wantchito, amayi. Mukufuna amayi aang'ono, koma iwo sadzabwera kudzakhala pabenchi apo."

Atangotero anachita mantha, poti mwana salankhula choncho kwa kholo lake. Amayi ake sanakalipe. Anangoyang'ana kuwindo, kenako anamuuza kuti afufuze manambala a foni a anthu anayi aja.

M'mawa mwake anabwera atatu, popeza wachinayi uja anali atapeza kale ntchito kwina. A Telala anaima pamakina a pawindo n'kuvundukula nsalu ija. Fumbi linati kobo. Atathira mafuta, anapatsa aliyense kolala yofanana ndi ya mnzake, funsonso limodzimodzi: atchule chovala chimene anawonongapo, ndi zimene anachita pambuyo pake. Kenako anachita chinthu chimene chinkawavuta kuposa zonse. Anakhala chete.

Wamtali uja analumbira kuti chiyambire sanawonongepo kanthu, koma kolala yake inapindika ngati khutu la galu. Wosaseka uja anasoka bwino ndithu, kungoti anachedwa. Mayi wamanzere anayankha motsitsa mawu kuti nthawi ina anawotcha diresi la mwini ndi simbi. Anapita yekha kukaulula, n'kusoka lina kwa masiku atatu.

Atakhala pamakinapo sanapupulume. Anayamba wayesa pakachidutswa, n'kukunga ulusi pang'ono. Makina analira, koma sikunali kulira kuja Kabatani anakuzolowera. Amayi aang'ono ankaponda mothamanga n'kumaima mwadzidzidzi. Uyu ankaponda modekha osadukiza, ndipo sankaimba. Kabatani anaona amayi ake akupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

A Telala anaitembenuza kolalayo, kuikoka uku ndi uku, kufunafuna polakwika. Sanapapeze.

"Simusoka ngati mng'ono wanga," anatero.

"Sindinawaonepo akusoka, mayi. Ine ndimasoka chonchi."

"Eya, ndaona. Mubwere mawa seveni koloko. Sizasi yamanzere tikagula."

Potseka shopu, Kabatani anatenga nsalu ija kuti afunditsenso makina. Amayi ake anamulanda mofatsa, anaikung'untha, anaipinda kanayi, n'kuiika m'thumba la zinthu zotumiza kwa mng'ono wawo.

"Akasoke katani ya pawindo lake," anatero. "Makinawa mawa ali ndi mwini."