Nyemba Makumi Asanu za Chiso

Uyu ndi Chiso. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Amakhala ku Silver Spring, tauni ya kutsidya kwa nyanja, m'nyumba yosanja. Amakhala ndi Amayi, Adadi ndi mng'ono wake Jackie. Jackie ali ndi zaka zitatu.

Chiso amakonda maapozi. Amadya maapozi kunyumba. Amadya maapozi kusukulu. Koma sanaonepo maapozi ali mumtengo.

"Ndikufuna kukathyola maapozi," anatero Chiso tsiku lina. "Ndithyole ndekha, ndi dzanja langali."

Adadi sanamve. Anali pa foni. Jackie sanamve. Anali pa TV. Amayi okha ndi amene anamva. Anali atangofika kuchokera kuntchito, kumene amasamalira okalamba.

Amayi anayang'ana Adadi. Anayang'ana Jackie. Kunja kunali dzuwa labwino la Ogasiti.

"Nyumba ino yatimeza," anatero Amayi. "Tiyeni tipangane."

Amayi anatenga botolo lagalasi. Anatenganso thumba la nyemba.

"Tsiku limene tatuluka panja ola lathunthu, tiziponya nyemba imodzi m'botolomu. Tsiku limodzi, nyemba imodzi. Zikakwana makumi asanu, tonse tipita kumunda wa maapozi."

"Tonse?" anafunsa Chiso.

"Tonse. Ine ndidzapempha tchuthi. Adadi akonso adzapempha. Koma mundawo amatseka Loweruka lomaliza la Okutobala."

"Fifite ndi zambiri, mayi a Chiso," anatero Adadi.

"Pang'onopang'ono ndi mtolo," anayankha Amayi.

Tsiku loyamba anapita kupaki. Chiso anakwera katungwe. Jackie anathamangitsa gologolo. Gologolo ndiye anapambana.

Anatuluka. Anabwera. Nyemba m'botolo, kho.

Tsiku lachiwiri anayenda m'mbali mwa kamtsinje ka Sligo. Anaona abakha anayi. Anaona kamba ali pamwala.

Anatuluka. Anabwera. Nyemba m'botolo, kho.

Tsiku lililonse ankajambula chithunzi. Chithunzicho ankatumiza ku Zomba, kwa Anti Enelesi. Anti Enelesi ndi mng'ono wawo wa Amayi.

Masiku ena ankapita ndi Amayi. Masiku ena ankapita ndi Adadi. Masiku ena sankapita n'komwe, ndipo botolo linkangokhala chete.

Tsiku lina Adadi anawerama kuti ajambule nsomba. Foni inaterereka. Inagwera m'kamtsinje. Nsomba inathawa, foni inafa. Koma nyemba inalowa ndithu m'botolo.

Tsiku lina kunagwa mvula. Chiso ndi Jackie anavala majombo. Anadumpha m'zithaphwi mpaka masokosi ananyowa. Nayonso mvula ndi panja. Nyemba m'botolo, kho.

Chiso ankakonda kukhuthula nyemba pamphasa n'kuziwerenga. Jackie ankathandiza.

"Wanu, thuu, faifi," ankatero Jackie.

Kenako tsiku lina Jackie anaika nyemba m'mphuno. Analira. Amayi anamuthandiza kumina mpaka nyembayo inatuluka.

"Basi," anatero Amayi. "Zokhuthula zatha. Tidzawerenga kamodzi, kumapeto."

Amayi anaika botolo pashelefu yam'mwamba kukhitchini. Linakhala pakati pa mpunga ndi shuga.

Masamba anayamba kufiira. Mphepo inayamba kuzizira. Nyemba zinapitiriza kulowa.

Lamlungu la sabata yomaliza kunabwera mlendo. Anali Anti Enelesi. Anachoka ku Zomba kukutentha kwambiri. Anafika ku Silver Spring mano akugundana.

"Anti, tiyeni kupaki," anatero Chiso Lolemba.

Anti anasuzumira pawindo. Anakoka bulangeti.

"Ayi, mwanangu. Kunjako si kwa anthu."

"Anti, tiyeni kukamtsinje," anatero Chiso Lachiwiri.

"Ayi, mwanangu. Ine makutu anga ndikuwafunabe."

Anti anali asanazolowere nthawi ya kuno. Madzulo ankangogona. Sanaone nyemba ikulowa m'botolo. Ndipo palibe amene anakumbukira kuwauza.

Lachitatu Anti anatsala okha m'nyumba. Anti sakonda kukhala manja lende. Anasesa. Anakolopa. Kenako anati aphike ndiwo.

M'thumba munali nyemba zochepa. Anti anayang'ana pashelefu. Anaona nyemba zina m'botolo.

"Achemwali nawonso," anatero Anti. "Nyemba mpaka kusunga pawiri?"

Anakhuthulira zonse mumphika. Botolo analitsuka bwinobwino, mpaka linawala.

Madzulo Chiso, Jackie ndi Adadi anabwera kuchokera kupaki. Amayi nawo anafika. M'nyumba munkanunkhira anyezi ndi tomato.

Onse anakhala patebulo. Anadya mpunga ndi nyemba. Jackie anadya. Chiso anadya. Adadi anadya, n'kuwonjezera, n'kuwonjezeranso.

"Alamu, izi ndiye nyemba," anatero Adadi.

Atatha kudya, Chiso anati, "Adadi, nditsitsireni botolo. Ya lero sinalowe."

Adadi anayang'ana pashelefu. Panali mpunga. Panali shuga. Botolo panalibe.

Botolo linali pasinki, pamodzi ndi makapu. Linali loyera. Munalibe kanthu.

"Nyemba zanga zili kuti?" anafunsa Chiso.

Onse anayang'ana mbale zawo. Adadi anagwira pamimba.

Chiso analira. Sanalire mokuwa. Misozi inangotsika yokha. M'botolo muja munali katungwe. Munali abakha. Munali mvula ndi majombo. Tsopano zonse zinali m'mimba.

Amayi anafotokozera Anti za pangano lija. Anti anagwira pakamwa. Anachita manyazi kwambiri.

"Pepa, mwanangu. Sindinadziwe. Kwathu nyemba ikakhala kukhitchini ndi ndiwo."

"Madzi akatayika saoleka," anatero Adadi. Anatsegula kabati n'kutulutsa thumba lina la nyemba, limene Anti sanalione. "Tingowerenga fifite, tiike m'botolo. Nkhani yatha."

"Ayi," anatero Chiso.

"Tidzaze botolo lonse," anatero Anti.

"Ayi. Kumeneko ndi kubera. Nyemba imalowa tikatuluka."

"Mwana akunena zoona," anatero Amayi. "Pangano ndi pangano."

Chiso anapukuta misozi. Loweruka linali pafupi. Panatsala Lachinayi ndi Lachisanu basi. Kodi nyemba zija zinali zingati? Palibe ankadziwa.

Chiso anaganiza. Anaganizanso.

"Zithunzi," anatero. "Tsiku lililonse timajambula chithunzi. Tiwerenge zithunzi."

Amayi anatenga foni yawo. Anapukusa mutu.

"Foni inadzaza. Zambiri ndinafufuta."

Adadi anatenga yawo. Inali yatsopano.

"Zanga zakale zinapita ndi nsomba," anatero Adadi.

Anti Enelesi anadzuka. Anapita kuchipinda. Anabwera ndi foni yakale, yosweka pakona.

"Ine sindinafufute ngakhale chimodzi," anatero Anti.

"Ngakhale chimodzi?" anafunsa Chiso.

"Ngakhale chimodzi. Ndinkakusowani. Ndikaweruka kuntchito, ndinkakhala pakhonde n'kumakuonani."

Onse anakhala pamphasa. Anti anagwira foni. Chiso anagwira botolo. Jackie anamukhazika pamiyendo pa Amayi, kutali ndi nyemba.

"Apa uli pakatungwe," anatero Anti.

Nyemba m'botolo, kho.

"Apa ndi abakha aja. Anali anayi."

Nyemba m'botolo, kho.

"Apa Jackie wataya nsapato. Apa alamu anyowa mpaka m'mawondo."

Kho. Kho.

Anti ankadziwa chithunzi chilichonse. Ankadziwa tsiku limene Chiso anaguluka dzino. Ankadziwa mtengo umene unayamba kufiira. Chiso anadabwa. Anti anali ku Zomba, koma zinali ngati ankayenda nawo.

Chithunzi chomaliza chinali cha tsiku lomwelo. Adadi anatumiza ali kupaki, Anti ali kalikiliki ndi mphika.

"Fote seveni," anatero Chiso.

Anawerenga ndi zala. Lachinayi, 48. Lachisanu, 49. Imodzi inkaperewera. Anaweramitsa mutu.

Kenako anakweza mutu.

"Tsiku la mvula lija silinaoneke. Tinatuluka. Tinavala majombo."

"Tsiku limenelo sindinajambule," anatero Amayi. "Ndinkaopa kuti foni inyowa."

"Dikirani," anatero Anti.

Anti anafufuza m'foni. Anapeza uthenga wa mawu. Anaudina.

M'fonimo munamveka mvula. Munamveka madzi, phava, phava. Munamveka Jackie akuseka. Kenako mawu a Amayi: "Enelesi, tamva ana akowa. Anyowa ngati anapiye."

Chiso anaseka. Anatenga nyemba.

Nyemba m'botolo, kho.

"Fote eyiti," anatero Chiso.

"Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa," anatero Adadi.

"Inu khalani chete," anatero Amayi. "Mwadya paki yonse nokha."

Koma panali vuto lina. Lachinayi ndi Lachisanu Amayi ndi Adadi ankaweruka mochedwa. Anasinthana ndi anzawo kuti apeze tchuthi cha Loweruka. Ana sangapite kupaki okha.

Chiso anayang'ana Anti. Anangowayang'ana.

Anti anayang'ana pawindo. Mphepo inkagwedeza mitengo.

"Ola lathunthu?" anafunsa Anti.

"Ola lathunthu."

"Masiku awiri?"

"Masiku awiri."

Anti anapuma mozama.

"Ndinaphika ndine. Ndituluka."

Lachinayi Chiso anabwera kuchokera kusukulu. Anapeza Anti atakonzeka. Anavala majuzi awiri. Anavala jekete la Adadi. Anavala buluku la Amayi, pamwamba pake chitenje. Kumutu duku, pamwamba pa duku chipewa. Maso okha ndi amene ankaoneka.

"Anti ali kuti?" anafunsa Jackie.

"Ndili m'katimu," anayankha Anti.

Anatsika masitepe. Anafika kupaki. Anti anaima malo amodzi, manja m'matumba.

"Mukaima mumazizidwa," anatero Chiso. "Thamangani."

"Ine? Ndi zovala zonsezi?"

Anti anayang'ana pansi. Anatola kanthambi. Anajambula mizere padothi.

"Bwerani ndikuphunzitseni phada," anatero.

Anti anadumpha ndi mwendo umodzi. Chiso anadumpha. Jackie anadumpha ndi miyendo yonse iwiri, ndipo palibe anamuletsa. Posakhalitsa Anti anavula chipewa. Kenako anavula jekete. Ola linatha osadziwa.

Anatuluka. Anabwera. Nyemba m'botolo, kho.

Lachisanu Anti ndi amene anayamba kuvala nsapato.

"Mukuchedwa," anatero. "Ndikufuna ndikaone abakha aja ndi maso anga."

Anapita kukamtsinje. Abakha analipo, onse anayi. Anti anawapatsa moni ngati anzawo akale.

Atabwerera, Amayi ndi Adadi anali atafika. Chiso anatenga nyemba yomaliza. Anaiyang'ana. Kenako anaipereka kwa Anti ndi manja awiri.

"Iyi muponye ndinu."

Anti anaponya.

Nyemba m'botolo, kho.

"Fifite!" anakuwa Chiso.

"Faifi," anatero Jackie.

Chiso anatenga pepala. Analemba ndi zilembo zazikulu: OSAPHIKA. Anamata pabotolo.

Loweruka m'mawa onse asanu analowa m'galimoto. Anadutsa nyumba zosanja. Anadutsa misewu ikuluikulu. Anafika kumene kuli minda ndi ng'ombe.

Mitengo ya maapozi inali m'mizere. Inali yaifupi kuposa mmene Chiso ankaganizira. Maapozi am'munsi anali atathyoledwa kale. Ofiira anatsala m'mwamba.

Chiso anatambasula dzanja. Sanafikire. Anadumpha. Sanafikire.

Anti anawerama. "Kwera," anatero.

Chiso anakwera pamapewa a Anti. Anagwira chipatso chofiira. Chinali chozizira ndi chosalala. Anachipotokola pang'ono. Chinathothoka n'kutsala m'dzanja lake.

Chiso anasangalala kwambiri. Amayi anajambula chithunzi.

Anti anamutsitsa. Chiso anapukuta chipatsocho pajuzi yake. Anachipereka kwa Anti.

"Ichi n'chako, mwanangu," anatero Anti. "N'choyamba."

"N'chanu," anatero Chiso. "Ichi mukhoza kudya. Palibe amene akuwerenga."

Anti analuma. Kenako anapatsa Chiso, naye analuma. Jackie analuma. Amayi analuma. Adadi anatsegula pakamwa kwambiri.

"Alamu, pang'ono," anatero Anti. "Inu munadya kale fote seveni."